Kujambula mzimayi pamanja kuti aoneke munthu osati kakowa

Azakhali anga a ku Mufakose kuno ku Harare mpaka pano akandiona ndagwira pensulo amayamba kuseka. Nthawi imeneyo ndinali nditangoyamba kumene maganyu olemba zikwangwani za masaluni, mitu ya anthu oluka tsitsi ndinkaitha ndithu moti ndinkadzimva kuti ine ndi katswiri, nde iwo anandiuza kuti ndiwajambule pamanja atavala yunifolomu yawo ya Chigwirizano, thupi lonse kuyambira duku mpaka nsapato, akuti akakoloweke pabalaza. Ndinalikhalira pepala limenelo masiku atatu. Nkhope inatuluka yawo yeniyeni mpaka kachipsera ka pachipumi, koma atalandira analiyang'ana nthawi yaitali osayankhula kenako nkuti, "Iwe mwana wa achimwene anga, miyendoyi ndi yanga kapena wabwereka kwa kakowa?" Anthu onse mnyumba anafa nalo phwete. Ine kuyang'ananso, zoonadi, mayi wamfupi wojintcha bwinobwino ndinamupatsa kamutu ngati ndimu ndi miyendo yoti atha kuoloka mtsinje wa Mukuvisi siketi osanyowa.

Chimene chinandipweteketsa nchoti thupi la mzimayi ndinaliphunzira pokopera zithunzi za masitayilo a zovala, zija mumazipeza zitamatidwa pakhoma kwa atelala. Ojambula zimenezija amatalikitsa munthu dala kuti diresi lioneke kugwa bwino, sakhala akujambula munthu woti mungakumane naye pamsika wa Mbare Musika ayi. Nde achinyamata amene mumandifunsa kuti bwanji nkhope imatheka koma thupi limakana, yankho langa ndi lomweli nthawi zonse, simunayambe kuyeza. Mukujambula zimene zili mmutu mwanu osati zimene zili patsogolo panu.

Zida sizofuna ndalama zambiri. Pensulo ya HB yoyambira mizere yopepuka, ya 2B kapena 4B yodetsera pomaliza, labala, ndi mapepala ambirimbiri otchipa olo olembedwa kale mbali imodzi. Musagule buku lodula lojambulira poyamba chifukwa mudzayamba kuliopa, tsamba lililonse mudzafuna lituluke lokongola pomwe inu mukufunika kuononga mapepala mazana. Olo khala la pambaula limagwira ntchito pa nyuzi yakale.

Lula wanu ndi mutu wa munthu yemwe mukujambulayo. Kuchokera paliwombo kufika pachibwano, umenewo ndi mutu umodzi, ndipo china chilichonse pathupi muzichiyeza ndi mlingo umenewo. Munthu wamkulu wamba amakwana mitu 7 kapena 7 ndi theka. Tengani mzimayi wotalika masentimita 160, mutu wake umakhala cha mma 21 kapena 22, gawani nokha muona kuti zikugwera pamenepo. Nkhani ya mitu 8 imene imafala kwambiri ija inachokera kutali, Vitruvius, katswiri wa zomangamanga wa ku Rome wakale, ndi amene analemba kuti mutu ndi gawo limodzi la magawo 8 a msinkhu, ndipo Leonardo da Vinci cha mma 1490 anajambula mwamuna uja wotambasula manja mkati mwa bwalo potsata mawu amenewo. Koma onani, uja ndi mwamuna, ndiponso ndi munthu wongoganizira kuti wangwiro amayenera kukhala chonchi. A mafashoni aja amafika mitu 9 pena kupitirira. Azakhali anga nditadzawayeza bwinobwino anakwana 7 yokha basi, ine ndinali nditawapatsa 9 ndi kanthu pamwamba.

Chenjezo limodzi msanga, tsitsi ndi duku sizili mgulu la mutu. Apa mpamene ambiri timagwera makamaka kuno kumene azimayi amaluka zazitali, mawigi, kumanga duku losongoka. Muziganizira pamene chigaza chathera mkati mwa tsitsilo, mlingo wanu uyambire pamenepo. Chimodzimodzi nsapato za gogoda, zimawonjezera msinkhu koma si mwendo.

Tsono tengani pepala la A4, mulitali mwake ndi masentimita 29.7, lembani mzere woongoka pakati wotalika 22.5 ndipo muudule timizere topingasa pa masentimita atatu aliwonse. Mwapeza mitu 7 ndi theka. Gawo loyamba ndi mutu, jambulani ngati dzira losongokera kumunsi, kamzere koyamba ndi chibwano. Kachiwiri kamadutsa cha pansonga za mabere, ngakhale apa pamasintha kwambiri malinga ndi munthu, tibwererapo. Kachitatu cha pamchombo. Kachinayi mpamene matako athera ndipo ntchafu zayamba mukamuonera kumbuyo. Kenako musiye kuwerenga kuchokera kumwamba, yambirani pansi, kuchokera kuchidendene kukwera mitu iwiri mwafika pabondo. Ndipo pakati penipeni pa munthu, pa mitu itatu ndi makota atatu, si pamchombo ngati mmene maso amatinamizira, ndi pamene miyendo yalumikizana ndi thupi. Ichi chokha mukachisunga theka la mavuto latha. Pindani pepala lanu pakati muone ngati mzere wopindawo wadutsa pamenepo, ukadutsa pamimba ndekuti miyendo yafupika, ukadutsa mntchafu mwapanga kakowa ngati ine.

Manja nawo ali ndi malo ake. Imirirani panopa mugwetse manja mmbali, muona kuti chigongono chikugunda pomanga lamba pamene nthiti zathera, povala wotchi pali molingana ndi pamene miyendo yayambira, ndipo nsonga za zala zikufika pakati pa ntchafu. Oyamba kumene amakonda kufupikitsa mikono nkuchepetsa zikhatho chifukwa zala ndi zovuta nde amafuna zisaoneke, ena mpaka kuzibisa kumbuyo kapena mthumba chithunzi chilichonse kkk, ndikukudziwani, nanenso ndinkatero. Chikhatho si chaching'ono. Chiikeni pankhope panu, kuyambira pachibwano chikufika pachipumi. Phazi ndiye lalitali kuposa mmene mukuganizira, limalingana ndi mkono wanu kuchokera popindika chigongono kufika povala wotchi, yesani muone. Mzimayi wa timapazi ngati ta mwana amaoneka ngati agwa mphepo ikangowomba.

Mulifupi, mapewa a mzimayi amakhala pafupifupi mitu iwiri mukaugoneka mutuwo chopingasa, pena kucheperako, ndipo mahipi amayandikira pamenepo, kwa ena amalingana ndi mapewa kwa ena amaposa. Mwamuna nthawi zambiri mapewa ndi amene amapambana mahipi moonekeratu. Koma pano ndisakupatseni nambala yoti muloweze chifukwa mulifupi ndi mmene anthu amasiyanirana kwambiri, yezani munthu amene muli nayeyo.

Tsopano chimene ndikanakonda wina akanandiuza kalekale. Musayambe ndi mzere wakunja wa thupi. Ambiri timayambira pakhosi nkumatsetsereka ndi pensulo phewa, mkono, chiuno, mpaka phazi ngati tikudula pateni ya malaya, zotsatira zake munthu amatuluka wophwatalala ngati wapondedwa ndi kombi, minibasi zathu zija. Thupi lili ndi zinthu zitatu zolimba zimene sizisintha maonekedwe, chigaza, nthiti ndi mafupa a chiuno, ndipo zonsezi zamangiriridwa pa msana umene umapindika. Nthiti zijambuleni ngati dzira lalikulu, lotalika pafupifupi mutu umodzi ndi theka, lopapatiza kumwamba kumene khosi latulukira. Mafupa a chiuno ajambuleni ngati kabeseni kapena kabudula wamkati wolimba. Pakati pa ziwirizi pali mpata wofewa wopanda fupa kupatula msana, gwirani mmbali mwanu mumva kuti pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno pangolowa zala zochepa, ndipo mpata umenewu ndi umene umapinda, kupotoka, kufinyika mbali imodzi nkutambasuka mbali inayo.

Kusiyana kwa mzimayi ndi mwamuna kumayambira pamafupa amenewa osati pa mabere ayi. Beseni la mzimayi ndi lotambalala komanso lalifupi, dzira la nthiti ndi locheperako, nchifukwa chake pomanga lamba pamalowa mkati. Mukamuonera chammbali beseni lija limapendekera kutsogolo ngati likufuna kukhuthula madzi, pomwe nthiti zimapendekera kumbuyo pang'ono, nde msana wammunsi umapanga kakhonde kaja. Mukajambula ziwirizi zitaima njo chimodzi pamwamba pa chinzake ngati zidina, munthu wanu aoneka ngati wamezera mtengo. Ndipo pamene mahipi atambalala kwambiri si pamwamba pa beseni pamene timagwira tikaima manja mchiuno, ndi mmunsi mwake, pa fupa lija mumalimva mmbali pamwamba pa ntchafu cha pamene thumba la jinzi lathera. Ambiri amaika kutambalalako mmwamba kwambiri, mzimayi nkumaoneka ngati wavala thayala.

Kuchokera pa fupa limenelo, fupa la ntchafu silitsika choongoka, limalowera mkati kupita kubondo, ndipo poti beseni la mzimayi ndi lotambalala kulowera mkatiko kumaoneka kwambiri. Jambulani kaye timizere ta mafupa tokhatokha, V wamtali kuchokera mmahipi kukakumana cha mmawondo, kenako muveke mnofu. Mwendo suli chimodzimodzi mbali zonse ngati botolo la Mazoe. Katumba wa kunja amatukuka mmwamba, wa mkati mmunsi. Pa akakolo ndiye zimatembenuka, kafupa ka mkati kali mmwamba, ka kunja mmunsi. Ndi tinthu tating'ono koma ndi timene timapangitsa woona kunena kuti eee uyu ndi munthudi, olo iye sakudziwa chifukwa chake.

Za mabere tiyeni tikambe mosabisa poti ndi pamene anyamata ambiri mumaonongera chithunzi. Ajambuleni pomaliza, dzira la nthiti litakhala kale bwino. Si mipira iwiri yomatidwa kutsogolo ndipo sayambira pakhosi. Mmunsi mwa khosi muli mafupa awiri opingasa aja okafika kumapewa, pansi pake pali malo athyathyathya ndithu, kenako mpamene bere limayamba pang'onopang'ono nkukalemera kumunsi. Amakhala pamwamba pa chinthu chozungulira nde amayang'ana kunja pang'ono, lina uku lina uku, osati onse kutsogolo ngati malaiti a galimoto. Ndi ofewa, amatsata kulemera, munthu akawerama amalendewera, akakweza mkono la mbali imeneyo limakwera nawo, akagona chagada amaphwasukira mmbali. Kamisolo kapena bra imasinthanso zonse. Mayi woyamwitsa, mtsikana wa zaka 25 ndi agogo sangafanane, nchifukwa chake ndinati kamzere kachiwiri kaja musakakhulupirire kwambiri. Ine mzere wa pamwamba pa bere nthawi zambiri sindiujambula nkomwe, kamthunzi ka pansi kokha kamakwanira.

Chithunzi chikhoza kukhala ndi miyezo yonse yolondola koma nkumaonekabe chakufa, ngati chidole cha pawindo la sitolo mu First Street. Chimasowa ndi kulemera. Munthu saima ngati msilikali pa perete, amatsamira mwendo umodzi. Taonani amayi ali pamzere wa madzi pa mjigo, mwendo umodzi uli nga, winawo wangoupinda. Mbali imene yasenza thupi hipi imakwera, phewa la mbali yomweyo limatsika, nde mzere wa mapewa ndi mzere wa mahipi zimapendekeka mosemphana, mbali imodzi ya mimba yafinyika inayo yatambasuka. Bondo la mwendo womasukawo limatsikako pang'ono. Ndipo nayi njira yodziwira ngati munthu wanu waima kapena akugwa, pezani kadzenje ka pakhosi kaja pakati pa mafupa awiri opingasa, tsitsani mzere woongoka kuchokera pamenepo ngati chingwe cha omanga nyumba chomangirira kamwala. Ngati watsamira mwendo umodzi mzerewo ukagwere pa phazi la mwendo umenewo, ngati waimira yonse iwiri ugwere pakati. Ukagwera kunja kwa mapazi ndekuti munthuyo ali paulendo wopita pansi.

Sukulu yabwino ya zimenezi ndi ya ulere. Khalani penapake pa Mbare mmawa, kapena podikira kombi pa Copacabana, kabuku kakang'ono pabondo. Mayi wosenza dengu la tomato pamutu khosi lake limakhala chilili, msana woongoka, mutu sugwedezeka, zonse zoyenda zimachitikira mchiuno. Wobereka mwana amaweramira kutsogolo pang'ono kuti alingane ndi katundu wa kumbuyo, ndipo nsalu imene wamanga pachifuwa imafinya thupi pamenepo, mnofu nkutukuka pamwamba ndi pansi pa mfundo. Wonyamula chigubu cha malita 20 dzanja limodzi amapendekera mbali inayo, mkono wopanda kanthuwo nkutalikira thupi wokha. Anthu amenewa sakudikirani, muli ndi masekondi 30 mwina osakwana, nde mulibe nthawi ya nkhope kapena zala. Mzere umodzi wa msana kuchokera kumutu mpaka phazi losenza, dzira, beseni, timizere ta manja ndi miyendo, basi, wina. Tsamba limodzi anthu khumi. Zambiri zidzakhala zonyansa ndipo palibe vuto. Koma ulemu abale anga, kujambula timizere ta anthu odutsa ndi nkhani ina, kumuyang'anitsitsa mayi wa eni mphindi khumi kapena kumutola ndi foni osapempha ndi nkhani inanso, mudzatukwanidwa mChishona chimene simunachimvepo ndipo adzakhala akulondola.

Mukafuna woti aime nthawi yaitali pemphani wa kunyumba, achemwali, akazi anu, asisi a kwa neba amene mumagwirizana nawo, munthu wamkulu amene wavomera yekha ndipo mwamuuza chimene mukuchita. Ku masukulu a zaluso kumayiko ena amajambula anthu osavala, kwathu kuno zimenezo mukaziyambitsa pakhomo muitanitsa bwalo la ankhoswe. Sizofunikanso kwenikweni poyamba, thayiti ndi sikipa yogwira thupi zimaonetsa zonse zimene mukufuna, mapewa, nthiti, mahipi, mawondo. Muzimupumitsa pakatha mphindi 15 kapena 20, kuima malo amodzi kumapweteka, ndipo lembani ndi choko pansi pamene mapazi anali kuti abwerere pomwepo.

Poyeza munthu wamoyo mumachita chonchi. Khalani patali ndithu, mamita anayi kapena asanu ngati malo alipo. Gwirani pensulo choimika, tambasulani mkono wonse mpaka chigongono chiwongoke, tsinzinani diso limodzi. Nsonga ya pensulo ilingane ndi liwombo lake, chala chachikulu chitsetsereke mpaka chilingane ndi chibwano. Umenewo ndi mutu. Osasuntha chalacho, tsikani nawo thupi lonse mukuwerenga, kenako gonekani pensulo muyeze mapewa ndi mahipi. Chigongono chikangopindika pang'ono mlingo wasintha, nde mkono uzikhala wotambasuka nthawi zonse, diso likhale lomwelo, ndipo musasunthe mpando. Pensulo yomweyo imakuuzaninso kupendekeka, igonekeni molingana ndi mapewa ake muone mbali imene yatsika, nkusamutsa kupendekeka komweko papepala. Ndipo musanayambe chilichonse lembani kadontho ka liwombo pamwamba ndi ka chidendene pansi, apo ayi mudzafika mmawondo pepala litatha, zinandichitikira pa chikwangwani cha saluni ina mpaka ndinachita kumuimika mayiyo mmaluwa.

Anthu akakhala pansi mpamene mitu ija imasokonekera. Wokhala pampando, kuchokera paliwombo kufika pokhalira ndi pafupifupi mitu inayi, apo nzosavuta. Koma taganizani mmene amayi athu amakhalira pamphasa pa maliro kapena pa chinkhoswe, miyendo atayiwongola kutsogolo, inu nkukhala kumapazi kwawo. Mwendo wonse umene mukudziwa kuti ndi wautali ukuoneka kachidutswa, mapazi ndiye akuluakulu kuposa mutu. Ubongo umakana, umati mwendo ndi wautali jambula wautali. Apa mverani pensulo osati ubongo. Ikakuuzani kuti kuchokera kuphazi kufika mchiuno ndi mutu umodzi ndi theka, lembani chomwecho olo zikuoneka zopusa, mukamaliza mudzaona kuti zakhala.

Foni nayo imanama, samalani. Kamera ya foni imakulitsa chimene chili pafupi nayo. Chithunzi chotola munthu ali pafupi foni ili mmwamba chimapereka chimutu chachikulu ndi timiyendo, chotolera pansi chimapereka miyendo yaitali ndi kamutu, atsikana a pa Instagram amazidziwa bwino zimenezi nchifukwa chake wowajambula amachita kugwada. Ena amakhala asinthanso chiuno ndi maapu. Mukakopera zoterozo mukuphunzira bodza. Ngati mukutola nokha chithunzi choti mukajambulire, bwererani mmbuyo, foni ikhale molingana ndi mchiuno mwa munthuyo ndipo ikhale choongoka.

Nanga chitenje, kapena zambia mmene amanenera anzathu kuno? Ambiri amasangalala kuti chabisa miyendo nde ntchito yachepa. Ayi ndithu. Jambulani miyendo yonse kaye mopepuka, mawondo ndi mapazi pamalo pake, kenako muveke nsalu pamwamba nkufufuta zamkati. Mukapanda kutero mapazi amatulukira pamalo poti sangalumikizane ndi chiuno, ndipo woona amazindikira msanga. Nsalu imagwira pamene thupi latukuka, pa hipi yokwera ija, pamatako, pa bondo lopindika, ndipo makwinya amayambira pamalo amenewo ndi pa mfundo nkumatsika. Maluwa a pachitenje azizungulira nalo thupi, akafika mmbali azipanikizana. Koma musataye tsiku lonse pa maluwa thupi lisanakhale, ndi matenda omwe aja a nkhope yokongola pa miyendo ya kakowa.

Matupi ndi osiyana ndipo apa mpamene ndimakangana ndi achinyamata ojambula makatuni pa tabuleti, akazi awo onse chiuno ngati mavu, msinkhu umodzi, zaka zimodzi. Albrecht Dürer, katswiri wojambula wa ku Germany, mabuku ake a miyezo ya thupi amene anatuluka mu 1528, anaikamo kale amuna ndi akazi a mitundu yosiyana, ojintcha a mitu 7 ndi ena owonda otalika, sanakakamire mtundu umodzi. Munthu akanenepa mafupa sakula, dzira ndi beseni ndi zomwe zija, chimene chawonjezereka ndi mnofu ndipo uli ndi malo ake okonda, mmahipi, mntchafu, kumatako, kuseri kwa mikono, pamimba mmunsi mwa mchombo. Povala wotchi, mawondo ndi akakolo sizinenepa kwambiri, nde pamenepo mpamene mumapezera fupa. Agogo msana umapindika kumtunda, mutu umapita kutsogolo, pomanga lamba pamadzaza, msinkhu umatsika. Anthu amaziona zimenezi olo sanagwirepo pensulo. Mukukumbuka phokoso la chifanizo cha Mbuya Nehanda, mayi uja analimbana ndi atsamunda kuno ku Zimbabwe, chija chili pamphambano ya misewu ya Samora Machel ndi Julius Nyerere, chimene anachitsegulira pa 25 May 2021? Zithunzi za chifanizo choyamba zitatuluka anthu anadandaula kuti thupilo likuoneka la mtsikana osati la mayi amene amamudziwa pa chithunzi chakale, mpaka chinakonzedwanso. Palibe anapita ndi tepi kukayeza, maso okha anawauza.

Wina anena kuti nanga osema miyala bwanji, mitu ikuluikulu, manja aatali, koma dziko lonse limagula? Zoona. Pitani ku National Gallery, nyumba yoonetsera zaluso ija ya pa Julius Nyerere Way, imene inatsegulidwa mu 1957, kapena ku paki ya ziboliboli ya Chapungu ku Msasa mukaone. Ndipo ku Tengenenge kufupi ndi Guruve, kumene Tom Blomefield anayambitsa mudzi wa osema miyala mu 1966, ambiri mwa osema oyambirira anali anthu obwera kudzagwira ntchito mmafamu kuchokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola, anthu ngati agogo athu omwe. Iwo aja amakulitsa mutu mwadala, ndipo mwala wonse umagwirizana ndi chisankho chimenecho, mayi wobereka mwana wosemedwa pamwala amaoneka kuti walemedwadi olo mutu wake ndi gawo limodzi la magawo atatu a thupi. Zanga za azakhali zija sizinali dala, ndinkafuna 7 nkupeza 9 osadziwa. Mukafuna kutalikitsa kapena kukulitsa chitani, koma muzidziwa kuti mwawonjezera mitu ingati ndiponso pati.

Mukamaliza chithunzi musathamangire kuchionetsa. Chiikeni pagalasi muchione chotembenuka, kapena chiyang'aneni kuseri kwa pepala mutalozetsa kudzuwa, zolakwa zimene maso anazolowera zimalumpha nthawi yomweyo, phewa lina lalitali, mutu wapendekera mbali, mwendo wina waufupi. Chiimikeni pakhoma mubwerere mmbuyo masitepe asanu. Yang'ananinso mipata, kampata ka pakati pa mkono ndi chiuno, ka pakati pa miyendo, ngati mawonekedwe a mpatawo akusiyana ndi a pa munthu weniweni ndekuti china chasuntha. Ndipo mukapeza kuti beseni lakhala molakwika fufutani olo nkhope inatuluka bwino chotani, kapena yambani pepala lina, kudetsa ndi 4B sikukonza fupa lokhota. Ine masiku ano nkhope ndimaisiya dzira lopanda maso mpaka mapazi atakhala pansi, kamzere kopingasa pakati pa dziralo pokhala maso basi, poti maso amakhala pakati pa mutu osati kumtunda.

Azakhali ndinadzawajambulanso patapita zaka ziwiri. Ndinawaimika pakhonde Loweruka masana, ine ndili ku geti mkono uli tambasu diso limodzi lotsinzina, iwo nkumafunsa kuti kodi ukundiloza ndi pensulo ukufuna kundilodza? Mitu 7, mapewa ocheperako pang'ono kuposa mahipi, atatsamira mwendo wamanja chifukwa bondo lamanzere limawavuta, Baibulo mkhwapa. Atachiona anati, "Eya, uyu nde ndine. Koma pamimbapa ukanachepetsako pang'ono mwanawe, anthu aziti ndimadya ndekha." Sindinachepetse. Chili pabalaza pamwamba pa kabati ya mbale. Cha kakowa chija anachipinda kanayi amachisunga mchikwama cha kutchalitchi, ndipo mlendo aliyense akayamikira cha pakhomacho iwo amati dikirani ndikuonetseni china.